Ndikufuna Buku Loti Ndikalambe Nalo

Buku lomaliza limene ndinabwereka ku laibulale ndinalibweza ndili pa tsamba 212. Nambalayi ndimaikumbukirabe chifukwa ndinailemba pakapepala n'kukasunga m'chikwama, ndikudziuza kuti ndikadzalibwerekanso ndidzapitiriza pomwepo. Linali buku lonenepa la mbiri yakale, lija loti ukawerenga ndime ziwiri umayamba waliika pansi kuti mutu upume. Anandipatsa masabata atatu. Tsiku litakwana ndinapita kukapempha kuti andiwonjezere masiku, koma mayi amene anali padesiki atayang'ana pakompyuta anandiuza mwaulemu kuti, "Pepani bambo, pali wina amene akulidikira." Mayiwo sanalakwe chilichonse. Lamulolo ndi labwino, ndipo wodikirayo anali ndi ufulu wofanana ndi wanga. Komabe ndinatuluka pakhomo paja ndili ngati munthu amene amudula pakamwa nkhani isanathe.

Patapita miyezi ingapo ndinakumana nalo buku lomwelo m'sitolo ya mabuku. Ndinaligwira, ndinaona mtengo, ndinalibwezera pashelefu, ndinazungulira sitolo yonse, kenako miyendo inandibwezera pomwe paja ndipo ndinalitenga. Sindinayambire pa 212. Ndinayambiranso pachiyambi, pensulo ili m'manja, ndipo linanditengera miyezi isanu. Lero lili pambali pangapa, msana wake unachita kuthyoka, m'mphepete mwa masamba muli mizere ndi mafunso anga okhaokha. Kuyambira pamenepo ndinavomera chinthu chimene ndinkachita nacho manyazi kuchinena pakati pa anzanga okonda kuwerenga: ine ndimakonda sitolo ya mabuku kuposa laibulale.

Ndikuti manyazi chifukwa mawu amenewa amamveka ngati a munthu wokhuta. Laibulale ndi yaulere, ndi ya aliyense, ndipo amene wanena kuti amakonda kugula amaoneka ngati akutonza wopanda ndalama. Nkhani imeneyo sindiizemba, ndifikapo. Koma ndiyambe ndi chimene chimandivuta kwambiri, chomwe ndi nthawi.

Buku lobwereka limabwera ndi tsiku lake. Kale ankadinda deti pakapepala komata mkati mwa chikuto, masiku ano uthenga umangobwera pafoni, koma mtima umamva chimodzimodzi: ukamawerenga, wina akukuwerengera masiku kumbuyoku. Pali mabuku amene zimenezi sizivuta. Nkhani yokoma yoti uithe m'mausiku awiri, buku lophunzitsa kukonza kanthu, buku loti ungotolamo mfundo imodzi, amenewo kubwereka ndiye nzeru. Koma mabuku amene amasintha munthu safuna phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali ndakatulo zimene ndinaziwerenga ndili ndi zaka 20 osatolapo kanthu, n'kudzazimvetsa ndili ndi zaka 40, usiku wa tsiku limene tinaika m'manda munthu amene ndinkamukonda. Tulo titakana, ndinangotambasula dzanja pashelefu ndipo buku lija linali pomwepo, pamene linakhala zaka makumi awiri osadandaula. Munthu wosweka mtima saganiza zodikira kuche kuti akafufuze m'kaundula wa mabuku. Amatenga chimene chili pafupi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Malaibulale ena anazindikira okha kuti chindapusa cha kuchedwa chimathamangitsa anthu, makamaka osauka amene laibulale inawamangidwira. New York Public Library inasiya kulipiritsa chindapusa chimenechi mu 2021, ndipo ena ambiri achita zomwezo. Ndikuyamika. Koma kuchotsa chindapusa sikufufuta ngongole. Bukulo likadali la anthu onse, ndipo munthu wachikumbumtima sangaligoneke miyezi isanu m'nyumba mwake akudziwa kuti pali mwana wasukulu amene akulisowa.

Chachiwiri ndi pensulo. Buku la laibulale sulembamo, ndipo n'koyenera kutero. Amene amadula mizere m'buku la gulu ndi wodzikonda. Koma ine kuwerenga kopanda kuyankha ndimakuona ngati kukhala pabwalo pomwe ukuloledwa kumvera basi. Mlembi akanena zimene sindikugwirizana nazo, dzanja limandiyabwa. Ndimafuna kumufunsa pomwepo, pambali pa mawu akewo, kuti kodi umboni wake uli kuti. Akanena chokoma ndimafuna kuikapo chizindikiro choti ndidzachipeze.

Chizolowezi chimenechi si chachabe. Cha m'ma 1637, Pierre de Fermat, loya wa ku France amene masamu ankangowachita mwa chikondi, ankawerenga buku lake la masamu a Diophantus. M'mphepete mwa tsamba lina analembamo mfundo ya masamu, n'kuwonjezera kuti anali ndi umboni wake koma malo a m'mphepetemo anachepa. Iye anamwalira mu 1665, ndipo mwana wake ndiye anasindikiza timawu ta m'mphepeteto mu 1670. Kamfundo kameneko kanazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zoposa 350, mpaka Andrew Wiles anadzapeza umboni wake mu 1994. Taganizani Fermat akanakhala kuti bukulo anachita kubwereka, dzanja likumuyabwa koma akuopa kulidetsa.

Ine si Fermat, ndipo zimene ndimalemba m'mabuku anga sizidzavutitsa katswiri aliyense. Koma zili ndi ntchito ina. Mwezi wathawu ndinatsegula buku limene ndinaliwerenga zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Pa tsamba lina, pamene mlembi ankanena za kukhululukira munthu amene sanapepese, ndinapeza nditalemba ndi pensulo yolimba, mochita kusindikiza mpaka kuonekera kuseri kwa pepala, kuti: "Bodza. Sizingatheke." Ndinakhala chete kwa kanthawi. Ndinakumbukira amene ndinali nditamukwiyira masiku amenewo, ndinakumbukiranso kuti munthuyo ndinamukhululukira kalekale, iye osapepesa n'komwe. Ndinatenga pensulo n'kulemba pansi pake deti la tsikulo ndi mawu awiri okha: "Zinatheka ndithu." Palibe laibulale padziko pano imene ingandisungire zimenezo. Imasunga mawu a mlembi, koma sisunga munthu amene ndinali pamene ndinkawawerenga.

Wina anena kuti bwanji osalemba m'kope. Ndinayesa. Makope amasochera, ndipo ngakhale likapezeka, mawu ako amakhala kutali ndi mawu amene anawautsa, ngati yankho lopanda funso.

Tsopano za mmene mabuku amakhalira pashelefu, nkhani imene anthu saiganizira kawirikawiri. Malaibulale ambiri a anthu onse amatsata njira imene Melvil Dewey anaitulutsa mu 1876, yogawa nzeru zonse m'magulu khumi: 200 ndi zachipembedzo, 500 ndi sayansi, 800 ndi zolembalemba monga ndakatulo ndi masewero, 900 ndi mbiri ndi malo. Buku lililonse lili ndi nambala pamsana, ndipo nambalayo ndiyo nyumba yake. Njirayi ndi yanzeru kwambiri ukakhala kuti ukudziwa chimene ukufuna. Ukafuna za mbalame, upita pa nambala yake ndipo upeza mbalame zokhazokha, zonse pamodzi. Wofufuza amasangalala.

Koma ine nthawi zambiri sindidziwa chimene ndikufuna. Ndimalowa ndili ndi ludzu chabe. Ndipo m'sitolo yabwino mabuku samangoonetsa misana, ena amagonekedwa patebulo nkhope zili m'mwamba. Pamenepo buku la nyenyezi limagona pafupi ndi nkhani yopeka ya munthu woyenda panyanja, pambali pake pali mbiri ya mayi wina wojambula mapu. Nambala sizingawaike pamodzi amenewa. Anawaika pamodzi ndi munthu amene anawawerenga n'kuona kuti ndi apachibale. Mabuku ambiri amene ndimawakonda sindinapite kukawafuna. Anachita kundikola diso ndikudutsa.

Munthu ameneyo, wogulitsa mabuku, ndimamulemekeza pa chifukwa china. Buku lililonse limene waliika pashelefu waikapo ndalama ndi malo, ndipo lendi sayembekezera. Choncho akaika patsogolo buku la mlembi wosadziwika, n'kumatapo kakhadi kolemba pamanja kofotokoza chifukwa chake analikonda, amakhala waika khosi lake. Woyang'anira laibulale naye amadziwa mabuku, nthawi zina kuposa wogulitsa, koma ntchito yake imamufuna kuti akhale wa onse, asakondere, asakankhire munthu ku buku lina. N'zoyenera pa malo a boma. Ine koma ndimafuna munthu wokondera. Ndimafuna wondiuza kuti, "Ilo lisiyeni, achimwene, lili ndi dzina chabe, tengani ili, mukapanda kulikonda mudzandiuze." Ndikabwerako timakangana, iye akuti mathero ake anali abwino, ine ndikuti mlembi anatopa. Mkangano wotere ku laibulale ungachitike monong'ona, ndipo nkhani ya buku siikoma monong'ona.

Sindikunena kuti sitolo ilibe zilema. Imakonda zatsopano mopitirira. Buku likakhala miyezi ingapo osagulidwa, ambiri amalibweza kwa osindikiza kuti lipereke malo kwa lina, ndipo m'masitolo akuluakulu malo apatsogolo nthawi zina amakhala olipiridwa ndi osindikiza omwewo. Ukafuna buku limene linasiya kusindikizidwa zaka 30 zapitazo, kapena nyuzipepala zakale, laibulale ndiye mayi wako. Komabe tisaganize kuti laibulale ya anthu onse imasunga chilichonse mpaka kalekale. Nayonso imapalira: buku long'ambika, lachikale, kapena limene lakhala zaka osabwerekedwa amalichotsa kuti apeze malo. Ndipo mabuku ochotsedwawo nthawi zambiri amakatsikira kuti? M'masitolo a mabuku akale, m'mene ndimawapeza ali ndi chidindo chawo chofiira, n'kuwatenga kupita nawo kwathu kumene palibe adzawachotsenso.

Masitolo a mabuku akalewa ndiwo ndimawakonda koposa. Fungo la pepala lokalamba limakulonjera pakhomo, milu ya mabuku ili mbwee mpaka pansi, ndipo mwini wake yekha ndiye amadziwa chili pati. Ukatsegula buku umapezamo moyo wa munthu wina: dzina lofufutika, tikiti ya sitima, duwa louma, mawu akuti "kwa mwana wanga, pa tsiku lako lobadwa." Ndinagulapo buku limene mwini wake woyamba ankadula mizere ndi inki yobiriwira, ndipo pofika pakati ndinali nditayamba kumudziwa. Pamene ine ndinaseka, iye anaikapo chizindikiro. Pamene ine ndinatopa, mizere yake inasiyanso.

Pali chinanso chimene ndalama imachita, chimene anthu sakonda kuchivomera. Ku laibulale ndinkatenga mabuku asanu ndi limodzi chifukwa khadi linkalola, n'kubweza anayi osawatsegula. Chaulere sichikufunsa mafunso. M'sitolo, ndalama ikamakwana buku limodzi lokha, umaima ndi awiri m'manja, uku ukuwerenga tsamba loyamba la ili, uku la ilo, ndipo umakakamizika kudzifunsa chimene mtima wako ukufunadi nyengo imeneyo. Kusankha kumeneko ndi chiyambi cha kuwerenga. Ndikudziwa kuti ogula nafenso timaunjika mabuku osawerenga. Anthu a ku Japan ali ndi liwu lakelake la mulu woterewu, amati tsundoku. Koma mulu umenewo sundiwawa. Buku losawerengedwa limene lili m'nyumba mwako likudikira nthawi yake, ndipo nthawiyo imafika, mwina patapita zaka zisanu, tsiku limene mvula yakutsekera m'nyumba. Lobwereka likabwezedwa osawerengedwa, lapita basi.

Ndiye pali mlembi. Munthu amatha zaka zitatu kapena zisanu akulemba buku limodzi, ndipo pa buku lililonse latsopano logulidwa amalandirapo kagawo kochepa, kawirikawiri kozungulira gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wake, nthawi zina kucheperapo. Laibulale imagula kope limodzi, anthu zana n'kuliwerenga. Mayiko ena anaona kuti pamenepa pali kupanda chilungamo ndipo anakhazikitsa malamulo olipira alembi mabuku awo akamapezeka kapena kubwerekedwa m'malaibulale. Denmark ndiyo inayamba mu 1946, Britain inakhazikitsa lamulo lake mu 1979. Koma mayiko ambiri alibe dongosolo lotere, United States yomwe ilibe. Ndikagula buku latsopano la mlembi wamoyo, ndimadziwa kuti nambala ya malonda ake yakwera ndi imodzi, ndipo nambala imeneyo ndiyo osindikiza amayang'ana akamaganiza zomupatsanso mwayi wa buku lachiwiri. Ndivomere kuti ndikagula lakale mlembi sapezapo kanthu. N'chifukwa chake alembi amene anamwalira kalekale ndimawagula m'masitolo a zakale, koma amoyo, makamaka ongoyamba kumene, ndimayesetsa kuwagula atsopano.

Tsopano ndifike pa nkhani ija ndinalonjeza. Bwanji wopanda ndalama? Yankho langa n'lakuti laibulale iyenera kukhalapo, iyenera kupatsidwa ndalama zokwanira, ndipo aliyense wofuna kuitseka adzandipeza ndili kutsogolo kwa omutsutsa. Andrew Carnegie ali mnyamata wosauka wogwira ntchito ku Pittsburgh, ku United States, ankabwereka mabuku kwa Colonel James Anderson, amene ankatsegulira anyamata apantchito mabuku ake. Atalemera ndi malonda a zitsulo sanaiwale: ndalama zake zinamanga malaibulale 2,509 pakati pa 1883 ndi 1929, yoyamba kwawo ku Dunfermline, ku Scotland. Ku Britain lamulo la 1850 ndilo linalola matauni kugwiritsa ntchito msonkho pomanga malaibulale aulere. Zimenezi ndi zina mwa zinthu zabwino koposa zimene anthu anapangirana. Inenso kuwerenga ndinakuphunzirira pa mabuku obwereka, pamene m'thumba munalibe kanthu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Koma kulemekeza amene anakulera sikutanthauza kukhala m'nyumba mwake mpaka imvi. Laibulale inandiphunzitsa kukonda mabuku, ndipo chikondi chimenecho chitakula chinafuna kukhala nawo. Ndimakananso ganizo lakuti kukhala ndi buku lakolako ndi mwanaalirenji wa olemera. Mu 1935 Allen Lane, wosindikiza mabuku wa ku Britain, anatulutsa mabuku khumi oyamba a Penguin, a chikuto chofewa, pa mtengo wa sixpence (kandalama kochepa ka nthawi imeneyo) lililonse, ndipo anthu wamba anawagula mwaunyinji moti osindikiza ena amene ankamuseka anayamba kumutsanzira. Anthuwo malaibulale anali nawo kale. Chimene ankasowa ndi buku loti aliike m'thumba la jekete, alipinde ngodya, alipatse mnzawo. Wosauka nayenso amafuna shelefu yake, ngakhale ikhale ya mabuku asanu. Kumuuza kuti laibulale yamukwanira kuli ngati kumuuza kuti asalakelake nyumba popeza lendi ilipo.

Ndiponso malo awiriwa si adani monga timawaganizira. Sylvia Beach atatsegula sitolo yake ya Shakespeare and Company ku Paris mu 1919, ankagulitsa mabuku komanso kubwereketsa kwa amene sakanatha kugula, ndipo alembi achinyamata osauka ankakonda kucheza pomwepo. Masitolo abwino mpaka lero amakulola kuima ola lathunthu ukuwerenga osakuyang'ana ndi diso loipa, podziwa kuti amene waima lero adzagula mawa.

Kusiyana kwake kuli pa mmene amafera. Laibulale ili ndi msonkho kumbuyo kwake, ndipo ikafuna kutsekedwa anthu amachita phokoso, amalemba makalata, amapita kumisonkhano. Sitolo ya mabuku imafa mwakachetechete. Umangodutsa tsiku lina n'kupeza mawindo amata mapepala. Amazon inayamba kugulitsa mabuku pa intaneti mu 1995, ndipo pofika 2011 kampani yaikulu ya Borders, imene inali ndi masitolo mazanamazana, inagwa. Ang'onoang'ono ambiri anali atagwa kale osalembedwa n'komwe m'nyuzipepala. Dziko la France linaona patali: lamulo lake la 1981 limati wosindikiza ndiye aike mtengo wa buku latsopano, ndipo wogulitsa aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, asatsitse kupitirira 5 peresenti. N'chifukwa chake timasitolo tating'ono takwanitsa kupirira kumeneko. Kumene kulibe lamulo lotere, chotchinjiriza sitolo ndi ife ogula basi. Pali khalidwe lina limene limandipweteka: munthu kulowa m'sitolo, kufunsa malangizo, kujambula chikuto ndi foni, n'kukagula pa intaneti chifukwa n'kotsikirako pang'ono. Nzeru watenga kwa wina, ndalama wapereka kwa wina. Livraria Bertrand ya ku Lisbon yakhala ikugulitsa mabuku kuyambira 1732, inapulumuka ngakhale chivomezi choopsa cha 1755, koma sitolo iliyonse, ngakhale yotero, singapulumuke makasitomala ojambula chikuto n'kutuluka.

Buku langa ndingathenso kulipereka. La laibulale ndingangomuuza mnzanga kuti akalifune. Langa ndimalichotsa pashelefu n'kumuika m'manja pomwepo, nkhani ikadali yotentha, ndi mizere yanga yonse ili momwemo. Ena sabweza, ndipo ndinasiya kudandaula nazo. Ana okulira m'nyumba ya mabuku amawaona tsiku ndi tsiku ngati mipando, amawagwetsa, amawapanga nyumba zoseweretsa, ndipo tsiku lina osauzidwa ndi munthu amatsegula limodzi.

Sabata yatha mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 16, anabwera kudzacheza. Ndinamupeza atakhala pansi pafupi ndi shelefu, buku lonenepa la mbiri yakale lija lili pamiyendo. Sankawerenga za mlembi, ankatsata pensulo yanga tsamba ndi tsamba. Anadzutsa mutu n'kundifunsa kuti, "Amalume, apa munalemba kuti 'ayi' katatu, munkakana chiyani?" Ndinasuzumira. Ndinali nditaiwala. Tinawerenga ndimeyo limodzi, ndipo iye anati mlembiyo ndiye ankanena zoona, ine ndi amene ndinaphonya. Pochoka anapempha kuti alitenge, n'kufunsa kuti alibweze liti. Ndinamupatsa ndi pensulo yomwe.